Fulashi Ili M'thumba Mwanu Yanyamula Zinsinsi za Eni

 Kuti mufike kuno ku Longacres, ena mwalawira kuchokera ku Chelstone, ena ku Kabwata, ena ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ndipo ntchito ikukudikirani, choncho sindizungulira.

Nkhani yathu ndi ya fulashi, kachipangizo kamene ambirife tinamangirira ku makiyi a nyumba kapena timangokaponya m'kathumba ka chikwama. Chimene ndabwera kudzanena ndi ichi: zambiri zimene zili mu fulashi yanu si zanu. Ndi za anthu amene anakukhulupirirani, ndipo eni akewo sadziwa kuti nkhani za moyo wawo zimakwera minibasi m'mawa ndi madzulo. Chifukwa cha anthu amenewo, fulashi ya kuntchito iyenera kutsekedwa isanatuluke pakhomo la ofesi.

Taonani dera limene tikugwiramo ntchito. M'mbali mwa United Nations Avenue muli maofesi a akazembe a mayiko osiyanasiyana. Pa Alick Nkhata Road pali nyumba ya mabungwe a United Nations. Pamene Independence Avenue ikumana ndi United Nations Avenue pali likulu la ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, ndipo mukayenda pang'ono mufika ku Cabinet Office ndi ku maunduna a boma. Pakatipakati pali mabungwe othandiza anthu, maofesi a maloya, zipatala, mipingo, masukulu ndi timashopu topulinta mapepala. Kuno mapepala sapuma, ndipo ambiri asanakhale mapepala amayamba ayenda mu fulashi. Muli makope a chitupa cha NRC ndi a pasipoti. Muli sitetimenti ya ku banki ya munthu wofuna viza. Muli ndandanda ya malipiro, dzina lililonse ndi TPIN yake ya msonkho ndi nambala yake ya penshoni ya NAPSA. Muli maina a ana amasiye amene bungwe likuwalipirira sukulu, ndi komwe amagona. Muli maina a amayi a magulu osonkherana ndalama a chilimba ndi ngongole ya aliyense. M'mafulashi ena muli maina a anthu amene akulandira ma ARV, ena a iwo asanauze ngakhale abale awo.

Sindinabwere kudzakuuzani kuti musiye fulashi. Tonse tikudziwa chifukwa chake sitingaisiye. Intaneti ndi yodula, fayilo yaikulu imamaliza bando, pulinta ya mu ofesi inki imatha tsiku lomwe lipoti likufunika. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankathima maola ochuluka, ndipo munthu ankanyamula ntchito kupita nayo kulikonse kumene jenereta ikulira. Fulashi inatithandiza, ndipo idzatithandizabe. Koma ndi yaing'ono, imagwa osamveka, imabwerekedwa, imaiwalika kumbuyo kwa kompyuta ya eni. Amene waigwiritsa ntchito zaka zingapo akudziwa kuti tsiku lina idzasowa. Funso ndi lakuti ikadzasowa, wotolayo adzaona chiyani.

Tikamva za kubedwa kwa zinsinsi, maganizo athu amathamangira kwa mbava za pa intaneti za kumayiko akutali. Nzoona ziliko. Mu Meyi 2022 gulu lotchedwa Hive linaukira makompyuta a Bank of Zambia, ndipo bankiyo inakana kulipira dipo limene ankafuna. Nkhani imeneyo inamveka dziko lonse. Fulashi yogwera pansi pa mpando wa minibasi silengezedwa pa wailesi, komatu wotolayo safunika luso lililonse. Amangoilowetsa mu kompyuta, zonse n'kutseguka. Akakhala munthu wabwino amafufuta n'kuikamo nyimbo zake. Akakhala wachinyengo, ali ndi dzina, nambala ya foni ndi kope la NRC, zimene zikumukwanira kuimbira mwini wake foni monamizira kuti ndi wa ku banki, kapena kuyesa kulembetsa simu ndi kutenga ngongole m'dzina la munthu wosalakwa. Ndipo nkhani ya matenda ikangofika m'komboni sibwereranso. Ndalama zimabwezedwa, koma ukwati umene wagwedezeka, kapena mwana amene anzake ayamba kumuloza chala kusukulu, palibe ofesi ingakonze.

Ndikupatseni nkhani ziwiri zochitika kunja, chifukwa zikaikidwa pamodzi zimaphunzitsa bwino. Mu Okutobala 2017 munthu wina anatola fulashi mumsewu kumadzulo kwa London. Anapita nayo ku laibulale ya m'dera lake n'kuitsegula. Munali mafoda 76 ndi mafayilo oposa 1,000 a bwalo la ndege la Heathrow, osatsekedwa mwanjira iliyonse. Mwa zina munali maina, masiku obadwa ndi manambala a pasipoti a anthu khumi, ndi zokhudza ogwira ntchito zachitetezo. Munthuyo anaipereka kwa atolankhani a Sunday Mirror. Chaka chotsatira ofesi yoteteza zinsinsi za anthu ku Britain inalipiritsa bwaloli mapaundi 120,000, ndipo inapeza kuti mwa antchito 6,500, awiri okha pa 100 alionse ndi amene anaphunzitsidwa kasungidwe ka zinsinsi za anthu.

Yachiwiri inachitika mu Juni 2022 mumzinda wa Amagasaki ku Japan. Munthu amene ankagwira ntchito imene mzindawu unapatsa kampani ina anakopera mu fulashi maina, maadiresi ndi masiku obadwa a anthu onse a mumzindamo, oposa 460,000, pamodzi ndi za misonkho ndi maakaunti a ku banki a mabanja olandira thandizo la boma. Ataweruka anapita kukamwa, anagona panjira, ndipo podzuka chikwama panalibe. Akuluakulu a mzinda anapepesa pamaso pa dziko lonse. Chikwamacho chinapezeka patapita masiku ochepa, ndipo akuluakuluwo ananena kuti panalibe chizindikiro chakuti wina anawerenga za m'katimo. Fulashi imeneyo inali yotsekedwa ndi encryption ndi pasiwedi. Kusasamala kunali kumodzi ku London ndi ku Amagasaki. Kusiyana kwake n'kwakuti kwina wotola anawerenga zonse atakhala mu laibulale, kwina kunali loko. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Kuno kwathu lamulo liliko. Data Protection Act, lamulo nambala 3 la 2021, linakhazikitsa ofesi ya Data Protection Commissioner, ndipo limalamula aliyense wosonkhanitsa ndi kusunga nkhani za anthu kuti aziteteze mokwanira. Za umoyo wa munthu, chipembedzo chake ndi maganizo ake pa ndale, lamuloli limaziika m'gulu lofunika chisamaliro chapadera. Ambiri amaganiza kuti limakhudza mabanki ndi makampani a mafoni okha. Likukhudzanso sukulu yanu, chipatala chanu ndi bungwe lanu.

Tsopano tilowe m'kati mwa nkhani, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Kubisa fayilo ndi kutseka fayilo ndi zinthu ziwiri. Pa intaneti pali mapulogalamu ambiri olonjeza kuti aika pasiwedi pa fulashi yanu, koma ena mwa iwo amangobisa foda kuti isaoneke. Mukaika fulashiyo mu kompyuta ya Linux, kapena mukangouza Windows kuti ionetse mafayilo obisika, zonse zili poyera. Kubisa kotero kuli ngati kupachika nsalu pakhomo lopanda chitseko: wodutsa saona m'kati, koma wofuna kulowa amangoikankha. Chimodzimodzi kusintha dzina la fayilo, kapena kuika pasiwedi yoletsa kusintha manambala mu Excel. Imeneyo imaletsa kulemba, siletsa kuwerenga.

Encryption imagwira ntchito mwanjira ina. Imatenga chilichonse cholembedwa mu fulashi n'kuchisanduliza ndi masamu, pogwiritsa ntchito nambala yaitali yotchedwa kiyi. Chotsalamo ndi chipwirikiti cha manambala chopanda mutu. Ngakhale katswiri atang'amba fulashiyo n'kuwerenga kachipu ka m'kati mwachindunji, apeza chipwirikiti chomwecho. Njira imene mapulogalamu odalirika amagwiritsa ntchito ndi AES, imene anaikonza akatswiri awiri a ku Belgium, Joan Daemen ndi Vincent Rijmen, ndipo boma la America linaivomereza mu 2001. Mu AES-256, chiwerengero cha makiyi otheka ndi nambala ya madijiti 78. Palibe kompyuta padziko pano imene ingawayese onse. Choncho posankha pulogalamu, funso loyamba ndi lakuti kodi ikugwiritsa ntchito AES kapena ikungobisa. Ndipo chonde musatenge mapulogalamu akuba, aja amati okiraka, kuti akutetezereni zinsinsi. Munthu amene anathyola pulogalamuyo simukumudziwa, ndipo simukudziwa chimene anaonjezeramo.

Zida zabwino zilipo, ndipo zambiri sizifuna ngwee. Kwa maofesi ambiri kuno, chophweka ndi BitLocker To Go, imene inabwera ndi Windows 7 mu 2009 ndipo ilimo mu Windows 10 ndi 11. Mumalowetsa fulashi, mumadina batani lakumanja la mausi pa dzina lake, n'kusankha Turn on BitLocker. Ikufunsani pasiwedi, kenako ikupatsani kiyi wopulumutsira wa madijiti 48. Ikakufunsani kuti itseke mbali yokhayo imene muli mafayilo kapena fulashi yonse, sankhani yonse ngati fulashiyo munaigwiritsapo kale ntchito. Chovuta n'chakuti ndi Windows ya Pro, Enterprise kapena Education yokha imene ingatseke fulashi. Ya Home, imene imabwera ndi malaputopu ambiri ogula m'sitolo, imatha kutsegula fulashi yotsekedwa kale koma siingatseke yatsopano. Zikatero pemphani kompyuta ya Pro mu ofesi, mutsekereni pamenepo kamodzi, kenako muziigwiritsa ntchito kunyumba. Chitani zimenezi pa laputopu yodzaza batire, mutakopera kaye mafayilo anu pena, chifukwa magetsi athu mukuwadziwa.

Ngati mu ofesi muli makompyuta osakanikirana, ena a Windows, ena a Apple, ena a Linux, pali VeraCrypt. Ndi yaulere, inayamba mu 2013 ndi katswiri wa ku France, Mounir Idrassi, ndipo inalowa m'malo mwa TrueCrypt imene eni ake anaisiya mu 2014. Kapangidwe kake kali poyera, ndipo akatswiri apadera anaifufuza mu 2016. Ingatseke fulashi yonse, kapena ingapange fayilo imodzi yaikulu imene mukaitsegula imaoneka ngati fulashi ina. Imafuna kuphunzira pang'ono, ndipo pa kompyuta imene sinaikidwepo imafuna chilolezo cha woyang'anira kompyutayo, chimene m'maofesi ambiri wantchito wamba alibe. Kwa mafayilo ochepa otumiza kwa munthu, 7-Zip ndi yokwanira: sankhani mtundu wa 7z ndi AES-256, ndipo chongani pamene akuti maina a mafayilo atsekedwenso, chifukwa dzina lokha la fayilo, monga lotchula munthu ndi matenda ake, limaulula kale nkhani. Word ndi Excel za masiku ano zilinso ndi Encrypt with Password, imene ndi loko weniweni. A makompyuta a Apple angatseke fulashi ndi Disk Utility, koma adziwe kuti Windows siidzaiwerenga. Palinso mafulashi okhala ndi timabatani ta manambala pathupi pake, monga datAshur ndi IronKey Keypad. Ameneŵa amatsegukira pa iwo okha, choncho amagwira pa makina alionse, koma mtengo wake ndi wokwera. Ofesi yosunga za odwala kapena za milandu ndingailimbikitse kugula.

Mwa zonsezi, ine ndinganene kuti ofesi isankhe chida chimodzi, aliyense aphunzire chomwecho. Ofesi imene munthu aliyense ali ndi pulogalamu yakeyake imasokonekera tsiku limene mmodzi wadwala.

Tifike pa pasiwedi, pamene ndikufuna tikhalitsepo. Mbala yodziwa ntchito silimbana ndi AES, imalimbana ndi inu. Kiyi wamphamvu uja amatsegulidwa ndi mawu amene inu mwasankha, ndipo mawuwo akakhala ofooka, masamu onse aja alibe ntchito. Tazolowera makina a ATM ndi mobile money, kumene ukalakwitsa PIN kangapo amakutsekera. Ndicho chifukwa chake manambala anayi amakwanira kumeneko. Fulashi yotsekedwa ndi pulogalamu ilibe mlonda wotero. Woiba amakopera chipwirikiti chija pa kompyuta yake n'kuisiya ikuyesa mapasiwedi usiku ndi usana, popanda womuletsa. Mapulogalamu abwino amachedwetsa dala kuyesa kulikonse, koma kuchedwetsako sikupulumutsa pasiwedi yaifupi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. PIN ya manambala anayi ili ndi mitundu 10,000 yokha. Tsiku lobadwa, mutatenga zaka 100 zathunthu, ndi masiku pafupifupi 36,500. Nambala ya foni imaoneka yaitali, koma ikayamba ndi 097 patsala manambala 7, kutanthauza mitundu 10,000,000, imene kwa kompyuta si ntchito yoopsa. Nambala ya NRC ndiye yoipiratu, chifukwa imalembedwa pa mafomu ambirimbiri. Dzina la mwana wanu ndi chaka chimene anabadwa zili pa Facebook. Dzina la timu, kaya Nkana, kaya Power Dynamos, kaya Arsenal, ndi vesi lodziwika la m'Baibulo, ndi zimene woiba amayamba nazo. Ena amati ndilemba m'Chinyanja, azungu sangadziwe. Wotola fulashi yanu pa Longacres si mzungu, ndipo liwu limodzi la chinenero chilichonse ndi lalifupi.

Chimene chimalimbitsa pasiwedi ndi kutalika, ndiponso kuti mawu ake asakhale ogwirizana. Mu 1995 Arnold Reinhold anafalitsa njira yotchedwa Diceware: pali ndandanda ya mawu 7,776, ndipo munthu amaponya madayisi kuti asankhe liwu lililonse. Mawu 6 osankhidwa choncho amapereka mitundu imene chiwerengero chake ndi nambala ya madijiti 24. Ifenso tingatengere nzeru imeneyi. Tsegulani buku paliponse, lozani liwu osayang'ana, tsegulani pena, lozaninso, mpaka mawu akwane 6. Mungapeze zonga nkhwani, sitima, bawo, utsi, galasi, Petauke. Ameneŵa musawagwiritse ntchito, popeza ndawatchula pagulu, koma mwaona kuti pakamwa sakuvuta ndipo pakutha masiku ochepa alowa m'mutu. Mwambi kapena mzere wa nyimbo ya kutchalitchi suyenera, ngakhale utatalika, chifukwa anthu ambiri amaudziwa. Pasiwedi ya fulashi ikhale yakeyake, isakhale yomwe ija ya imelo. Ndipo isalembedwe pa kapepala komata pa fulashi pomwepo. Mukatumiza fulashi kwa munthu kudzera mwa dalaivala kapena mesenjala, pasiwedi idzere njira ina, monga kumuimbira foni wolandirayo.

Walira mvula walira matope, ndipo loko wamphamvu ali ndi matope ake. Amene amakaniza mbala amakanizanso mwini wake akaiwala. Palibe mnyamata wokonza makompyuta ku Town Centre kapena ku Kamwala amene angakutsegulireni, ngakhale Microsoft yeniyeniyo singathe. Mu Januwale 2021 nyuzipepala ya New York Times inalemba za Stefan Thomas, katswiri wa makompyuta amene anasunga makiyi a ma bitcoin 7,002 mu fulashi ya IronKey, n'kutaya pepala limene analembapo pasiwedi. Fulashi ya mtundu umenewo imalola kuyesa kakhumi kokha, ndipo iye anali atayesa kale maulendo 8. Ngati zinamuchitikira katswiri, nafenso zingatichitikire. Choncho kiyi wopulumutsira uja wa madijiti 48 mupulinteni, mumuike mu envulopu yomata, asungidwe mu sefa ya ofesi kapena m'kabati yokhoma. Asakhale mu fulashi yomweyo kapena m'chikwama chimodzi nayo. Akuluakulu a maofesi, apa ndi panu. Mlembi angasamuke, angadwale, angatisiye, pakuti tonse ndife anthu. Ntchito ya ofesi isatsekeke m'mutu mwa munthu mmodzi.

Muzikumbukiranso kuti fulashi ndi chonyamulira. Imafa mwadzidzidzi, ndipo yotsekedwa ikawonongeka, kupulumutsa za m'kati n'kovuta kuposa yosatseka. Fayilo iliyonse yofunika ikhale ndi kope lina pamalo otetezeka.

Tsopano ndinene za malo amene ndimawadera nkhawa kuposa onse, shopu yopulintira. Encryption imateteza fulashi ikakhala yotseka. Mukangolemba pasiwedi pa kompyuta ya eni, mwatsegula zonse pamaso pa kompyuta imeneyo. Ngati ili ndi vairasi, ingakopere mafayilo anu mwakachetechete, kapena kusunga zilembo zonse zimene mwadina. Ambiri mwakumanapo ndi vairasi ija imene imasandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Imeneyo imayenda ndi mafulashi kuchoka kompyuta ina kupita ina, ndipo fulashi yotsegulidwa imagwidwa nayo monga ina iliyonse. Ngakhale pasakhale vairasi, wopulintayo kawirikawiri amakopera fayilo pa kompyuta yake kuti ntchito ifulumire, ndipo imatsala pamenepo. Tayang'anani pa sikirini ya kompyuta ya m'shopu yotere tsiku lina, muone makalata ofunsira ntchito, masatifiketi ndi mapasipoti a anthu amene anapita kalekale. Eni shopu si anthu oipa, ndi abale athu amene akufuna ya ndiwo, ndipo pamzere pali anthu. Palibe anawauza kuti zimenezo ndi katundu woopsa kusunga.

Njira imene ndimalimbikitsa ndi ya mafulashi awiri. Yoyamba ndi ya ntchito: yotsekedwa, ndipo imatsegulidwa pa makompyuta a ofesi ndi pa laputopu yanu basi. Imeneyi sibwerekedwa. Mnzanu akati, "Ndibwerekeniko fulashi, ndingokopera kafayilo kamodzi," muyankheni mwaulemu kuti iyi ndi ya ofesi, n'kumupatsa inayo. Yachiwiriyo ndi yoyendayenda, yotsika mtengo, yosatseka, ndipo imanyamula chokhacho chimene mukukapulinta lero. Mukabwerako isikanidwe ndi pulogalamu yolimbana ndi mavairasi, ifufutidwe. Zisiyane mtundu, ina yofiira ina yakuda, kuti musasokoneze pothamanga. Mukamaliza kupulinta, pemphani wopulintayo afufute fayilo yanu inu mukuona, achotsenso mu Recycle Bin. Kutumiza pepala pa WhatsApp ya shopu nakonso kuli ndi vuto lomwelo, chifukwa limatsala mu foni ya munthu amene simukumudziwa. Ndipo pali mapepala ena, monga a odwala, a ana ndi a milandu, amene sayenera kupita ku shopu n'komwe. Ofesi imene imasunga zotere igule inki nthawi yake isanathe.

Nanga inu mukatola fulashi? Pa yunivesite ya Illinois ku America, ofufuza anamwaza mafulashi 297 pabwalo la sukulu, ndipo zotsatira zake anazifalitsa mu 2016. Pafupifupi theka, 48 pa 100 alionse, analowetsedwa mu kompyuta ndipo mafayilo anatsegulidwa. Ambiri mwa otolawo amene anayankha mafunso a ofufuzawo anati ankafuna kupeza mwini wake kuti amubwezere. Mtima umenewo ndi wabwino, koma mbava zimaudziwa, ndipo zimatha kutaya dala fulashi ya vairasi pafupi ndi ofesi imene zikuifuna. Vairasi ya Stuxnet, imene inadziwika mu 2010 itawononga makina a nyukiliya ku Natanz m'dziko la Iran, inapangidwa kuti iziyenda ndi mafulashi kuti ifike pa makompyuta osalumikizidwa ku intaneti. M'dera la akazembe ndi maunduna ngati lino, fulashi yotola ipite kwa alonda kapena kwa a IT, isalowe mu kompyuta yanu.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Kufufuta fayilo sikuichotsa. Kompyuta imangochotsa dzina lake pa ndandanda n'kunena kuti malowo ndi aulere, koma zolembedwazo zimakhalapobe mpaka china chidzalembedwe pamwamba pake. Quick Format nayo imachita chimodzimodzi. Mapulogalamu aulere monga Recuva ndi PhotoRec amatha kubweza mafayilo otere, ndipo mwana wa sukulu angawagwiritse ntchito. Pa fulashi vutoli limakula, chifukwa kachipu kake kamasinthasintha malo olembapo kuti kasathe msanga, choncho ngakhale mutalemba zina pamwamba, zidutswa zakale zingatsalire pena. N'chifukwa chake ndi bwino kutseka fulashi ikadali yatsopano, musanaikemo kanthu. N'chifukwa chakenso fulashi yoyendayenda ija siyenera kunyamula zinsinsi zazikulu ngakhale kwa ola limodzi. Fulashi yakale imene inanyamulapo malipiro kapena maina a odwala isaperekedwe kwa mwana kuti aziikamo nyimbo. Itsegulidwe, kachipu kakuda ka m'katimo kaphwanyidwe ndi hamala.

Chotsala ndi tsiku limene fulashi yasowadi. Lamulo la 2021 lija limati wosunga nkhani za anthu adziwitse Data Protection Commissioner pasanathe maola 24 chitetezo chikasweka, ndipo anthu okhudzidwawo auzidwenso mwamsanga. Maola 24 ndi ochepa. Ngati wantchito akuopa kuchotsedwa ntchito, akhala chete sabata yonse akufunafuna pansi pa mabedi, ndipo nthawi imene anthu akanachenjezedwa kuti asamale ndi mafoni achinyengo idzakhala itapita. Ndikupemphani akuluakulu, nenani poyera mu ofesi kuti wotaya fulashi akanena msanga sadzalangidwa chifukwa chonena. Mukhale ndi kabuku kolembamo mafulashi onse a ofesi, amene ali nayo iliyonse, ndi mtundu wa zimene imanyamula. Popanda kabuku kotero simudzadziwa kuti muchenjeze ndani. Amene muli ndi nthambi ku Lilongwe kapena ku Blantyre, dziwani kuti Malawi nayo inakhazikitsa lamulo lake loteteza nkhani za anthu mu 2024, choncho fulashi yodutsa pa Mwami ili ndi malamulo mbali zonse ziwiri.

Amene mwabwera ndi malaputopu, atsegulenitu tsopano. Choyamba tiona ngati Windows yanu ndi ya Pro kapena ya Home. A Pro akhale mbali ino tiyambe BitLocker, a Home ndi a Apple akhale mbali iyo tiike VeraCrypt. Musanadine chilichonse, koperani zonse zimene zili mu fulashi yanu pa laputopu, ndipo aliyense atenge pepala ndi envulopu za kiyi wopulumutsira kapena pasiwedi.